Filipo Namakhwa ndi Chitedze cha M'nyanja

Amene mumadutsa pa msika wa Nkando mwina munamuonapo munthu wa magalasi akuda amene amakhala pafupi ndi ogulitsa nandolo, akusoka matumba obooka ndi kuluka maukonde a pagolo la mpira. Saitanira malonda. Zala zake zimayenda zokha pa ulusi, nkhope italoza kuphiri limene maso ake saliona bwino tsopano. Dzina lake ndi Filipo Namakhwa. Ine ndine mlaliki wa mpingo wa m'mudzi umene iye anakwatirako, kufupi ndi Milonde. Ndinalipo tsiku limene ukwati wake unadalitsidwa, ndipo ndinaliponso tsiku limene anamuchotsa pa ukwatiwo. Ndalemba izi kuti mbiri yake isatsale m'kamwa mwa okhawo amene anamuchitira zoipa.

Filipo anabadwira m'komboni ya esiteti ya tiyi. Agogo ake anawoloka malire wapansi kuchokera ku Mozambiki, atasenza mphasa ndi mbewu ya kalongonda, ndipo ana awo onse anakalambira m'mizere ya tiyi. Nayenso anathyola tiyi kufikira atakwatira Janeti ndi kubereka mwana wamkazi, Mwayi. Monga mwa mwambo wathu kuno, mwamuna ndiye amapita kukakhala kwawo kwa mkazi, pa dothi la mbumba ya mkaziyo. Filipo anaona kuti dengu la tiyi silingamumangire nyumba, choncho anapita ku Joni monga amachitira anyamata ambiri. Sanakhalitse m'mizinda ya kumtunda. Anakafika kudoko, kumene ankasenza mabokosi a nsomba, ndipo tsiku lina sitima ina ya asodzi inasowa munthu mmodzi. Kuchoka m'sitima iyo kulowa m'sitima ina, mwana wa m'komboni anapezeka ali m'nyanja za mchere za kumpoto kwenikweni kwa dziko, kumene madzi amazizira ngati matalala, ndipo nyengo ina dzuwa limachita ngati likukana kulowa.

Zimene ankatumiza zinamanga nyumba ya njerwa zootcha, ya malata, ya sola padenga, pa malo a Janeti. Atabwerera, katundu wake anali wochepa: jekete lalikulu la asodzi la mtundu wa lalanje, chithunzi chimodzi chokulungidwa bwino m'paipi ya pulasitiki kuti chisapindike, ndi diso lakumanzere lofiira, lotuluka misozi nthawi zonse.

Chithunzicho anachipachika pabalaza. Chinali cha cholengedwa chimene ife a kumtunda sitinachionepo: chofiira, chooneka ngati beseni lovundikira likuyandama m'madzi obiriwira, ndipo kunsi kwake kukulendewera timaulusi tosawerengeka. Filipo ankati azungu amachitcha jelefishi, ndipo mtundu uwu, umene uli m'gulu la zikuluzikulu koposa, amautcha dzina lotanthauza manyenje a mkango, ubweya wautali uja wa m'khosi mwa mkango waumuna. Koma iye anachipatsa dzina lakelake. Ankachitcha chitedze cha m'nyanja.

Sanali munthu wodzitama, koma pa nkhani ya cholengedwa ichi pakamwa pake sipankatseka. Tikatuluka m'mapemphero, amuna ankamuzungulira pansi pa mtengo wa mango wa pa tchalitchi.

"A Namakhwa, mutu wake uli pati?" wina ankafunsa.

"Chilibe mutu. Chilibe ubongo, chilibe fupa, chilibe mtima, chilibe ngakhale magazi. Pafupifupi thupi lonse ndi madzi. Mukachisiya padzuwa chimaphwa, n'kutsala kachikopa basi."

"Nanga kukula kwake?"

"Chachikulu chimene anthu anachiyezapo, beseni lakelo munthu wamtali akhoza kugona mopingasa osafika m'mphepete. Timaulusito, kuchokera pakhomo la tchalitchi pano mpaka kumjigo uko. Kutalika kuposa namgumi. Timamera m'mitolo isanu ndi itatu, ndipo tonse pamodzi timapitirira chikwi. Chikakhala chaching'ono chimakhala chotuwirako, chikamakula chimanka chifiira. Koma ukulu wonsewo, moyo wake ndi chaka chimodzi chokha, ngati chimanga."

Ankafotokozanso kuti sichithamangitsa nyama. Chimangotengedwa ndi madzi, chitatambasula timaulusi take, ndipo kansomba kakagunda pamenepo kamauma. Komabe pali tinsomba tina timene timabisala pakati pa timaulusi tomweto osavulala, ndipo pali kamba wamkulu wa m'nyanja amene amachidya ngati phala. Ine ndikamva zimenezi mtima wanga unkakondwa, pakuti ndinkakumbukira tsiku lachisanu lija pamene Mlengi analamula madzi kuti adzaze ndi zamoyo, ndipo anaona kuti zinali zabwino. Ndinalalikirapo za icho kawiri konse.

Tsiku lina mlamu wake, Kingstone, mchimwene wake wa Janeti, anafunsa mokweza kuti anthu aseke: "Alamu, nanga chinthu chanucho chimadyedwa?"

"Alamu, kwa inu chilichonse n'ndiwo," Filipo anayankha. "Ichi chokha chikanayamba ndicho kukudyani milomo."

Anthu anaseka kwambiri, koma Kingstone sanaseke. Munthu ameneyu anali atangothamangitsidwa kumene anakwatira, ku Chitakale, chifukwa cha mowa ndi dzanja lake lopepuka pa mkazi. Anabwerera kwa alongo ake atanyamula mphasa yokha, ndipo ankagona m'kanyumba kakale ka malemu amayi ake, kodontha. Komabe iye ndiye anali mwini mbumba, woyang'anira alongo ake ndi minda yawo. M'mawa uliwonse akatuluka m'kanyumba kaja, choyamba kuona anali malata a mlamu wake akunyezimira. Ankakonda kunena mwambi uja wakuti mkamwini asamakule mwendo.

Za diso lake Filipo anatiuza poyera. Cholengedwacho chikakodwa mu ukonde, timaulusi take timaduka n'kukanirira pa zingwe. Ngakhale chitafa, ngakhale timaulusito titauma, timalumabe. Tsiku lina akukoka ukonde, mphepo inamuulutsira fumbi lake m'diso, ndipo iye, pokhala mlendo pantchitoyo, anatikita ndi golovesi.

"Pamenepo ndiye ndinadzipha ndekha," ankatero. "Lamulo la asodzi ndi limodzi, ndipo ndi lomwe lija agogo anatiphunzitsa pa chitedze cha kuthengo kuno: usakande. Ukakanda ndiye ukuchilowetsa."

M'chilimwe cha chaka cha 2017, mphekesera ya anamapopa inalowa m'boma lathu. Amene munalipo mukukumbukira. Anthu ankati kuli anthu oyenda mobisika amene akupopa anzawo magazi ndi timapaipi, atawafooketsa ndi mankhwala opopera. Mabanja analeka kugona m'nyumba. Anyamata anatchinga misewu ndi mitengo, akusecha zikwama za alendo. Mantha ndi mbuye wouma mtima. Akalowa m'mudzi amafuna nsembe, ndipo sakhuta ndi nkhuku.

M'mawa wina Esteri, mayi woyembekezera amene nyumba yake inayandikana ndi ya Filipo, anadzuka wofooka, chitenje chake chili ndi magazi ochokera m'mphuno. Amayi anasonkhana pamjigo akulira. Kingstone anafika pamenepo, ndipo amene analipo anandiuza mawu ake.

"Mukufunafuna kutali chifukwa chiyani? Ndani anatiuza ndi pakamwa pake kuti ali ndi chinthu chopanda magazi, cha timapaipi chikwi? Ngati chilibe magazi, chimafiira ndi chiyani? Amati chikamakula chimanka chifiira. Magazi a yani? Ndipo chuma cha pansi pa nyanja tonse tikumudziwa mwini wake."

Dzuwa lisanafike pamutu, khamu linali pakhomo pa Filipo. Anamupeza pakhonde akusola nandolo. Ena analowa m'nyumba, nang'amba chithunzi chija pakhoma. Anatulutsa paipi ya pulasitiki imene chinabweramo, mawaya a sola, ndi kabotolo ka mankhwala odontheza m'diso. Anaziika pabwalo monga umboni.

Pamene ine ndinkafika, nditaitanidwa ndi mayi wina wa mvano, anthu anali atamuvula Filipo malaya ndi kumumangirira manja kumtengo wa mapeyala. Kingstone anakokera mlongo wake pakati pa anthu.

"Janeti, yankha pamaso pa anthuwa. Amuna akowa amagona usiku?"

Janeti anali mkazi woopa Mulungu, wosazolowera bodza. "Achimwene, tulo timawavuta. Anazolowera kulondera m'sitima."

"Sindinakufunse za sitima. Amatuluka panja kapena satuluka?"

"Amatuluka. Amangoyendayenda pabwalo pano, diso likamawawa."

Khamu linafuula ngati kuti chigoli chalowa. Choonadi cha mkazi wake chinakhala chingwe chomumangira.

Ndinakweza manja ndi kuwatchula mayina mmodzimmodzi, pakuti ambiri anali a kwaya ndi a kalasi yanga. Ndinawakumbutsa kuti munthu satsutsidwa popanda mboni zoona, ndi kuti magazi a mbale amalira kuchokera m'nthaka. Mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa pemphero la Ambuye anandiyankha mwaulemu wake wonse: "A Mlaliki, pepani, lero si Lamulungu." Awiri anandigwira mikono, nandiimika pambali.

Kingstone anabwera ndi ndowa yovundikira. Ataivundukula, anthu a kutsogolo anabwerera m'mbuyo okha. Inali yodzaza ndi chitedze chouma. Aliyense wa kuno akudziwa kuti chitedze sichithyoledwa ndi manja, ndipo sichithyoledwa mothamanga; munthu amachikolola ndi ndodo, ataona kaye kumene mphepo ikulowera. Ndowa yodzaza si ntchito ya mkwiyo wa m'mawa umodzi.

"Alamu, mwatisimbira kwambiri za chitedze cha azungu," anatero Kingstone. "Lero mulawe cha kwathu, mutiuze chokoma ndi chiti."

Anamukhuthulira pamutu, pamsana ndi pachifuwa, nachiphwanya ndi ndodo kuti ubweya wake utuluke. Kenaka anamumasula manja. Ena anaganiza kuti ndi chifundo. Sichinali chifundo, ankafuna kumuona akudzikanda.

Filipo anaima chilili, manja atawatambasula kutali ndi thupi, mano atawaluma. Khungu linatupa mizeremizere, thukuta likutsika, koma sanakande. Zimenezi zinawakwiyitsa koposa. "Mwaona? Si munthu uyu! Sichikumuyabwa!" Pamenepo wina anatola malaya ake aja, nawaviika mu ubweya wotsala m'ndowa, namupukuta nawo kumaso mwamphamvu, cha ku diso lamoyo lija. Apo mphamvu za munthu zinathera. Analira kulira kumene sindifuna kukumvanso, nadzigwetsa pansi, akugubuduzika m'fumbi, zala zake zikukumba m'maso mwake momwe. Ndinakumbukira munthu wolungama uja wa m'Malemba amene anakhala paphulusa akudzikanda ndi phale. Koma uja anzake anakhala naye chete masiku angapo. Awa ankaseka. Amayi ena anaimika ana awo kutsogolo kuti aone bwino, ndipo anyamata ankamutsanzira, akuvina modzikanda. Mwayi anali pakhomo, atagwira chitseko. Anaona zonse.

Wina anakuwa kuti galimoto ya apolisi ikubwera, ndipo bwalo linayera. Ndinamupaka phulusa la pamoto wa Janeti, ndi kumufunditsa malaya anga, ndipo wakabaza wina wa mudzi wina anavomera kutitengera kuchipatala. Nyengo imeneyo anthu ena anaphedwa m'maboma athu ano pa mlandu womwewu, choncho alipo amene amati Filipo anachita mwayi. Diso lakumanja linachita chipsera. Kuyambira pamenepo amaona anthu ngati zithunzithunzi zoyenda m'nkhungu. Atatuluka m'chipatala anakakhala kwa mlongo wake Lily, kufupi ndi Nkando.

Mvula yoyamba itagwa, mphekesera inatha yokha. Anthu anatola makasu, nabwerera kukagona m'nyumba zawo. Esteri anachira ndi kubereka bwino. Achipatala anati magazi anamuchepera chifukwa cha pakati ndi malungo. Palibe amene anapita kukapepesa. Ndinalalikira za nkhaniyi, ndipo anthu anawerama mitu, naimba nyimbo yotsekera mokweza monga mwa masiku onse. Kingstone anasamukira m'nyumba ya malata, akuti kuti ateteze mlongo wake.

Filipo sanafune kukasuma. Chimene ankafuna chinali chimodzi: kubwerera pakhomo pake, kwa mkazi wake ndi mwana wake. Anadikira kuti mitima izizire, ndipo m'mwezi wa Juni wa chaka chotsatira anandipempha kuti ndimuperekeze. Tsikulo kunali chiperoni, mvula yowaza ija ya mphepo yozizira yotsika m'phiri. Iye anavala malaya opyapyala okha, pakuti zovala zake zonse zinatsala kuja.

Kingstone anatilandira bwino kwambiri. Anatulutsa mipando ya Filipo yomwe, natikhazika pakhonde. Amuna atatu, anzake a mowa, anaima cha kumpanda. Janeti anakhala pansi chapatali, nkhope itayang'ana kumunda.

"Alamu, ndabwera ndi a Mlaliki kuti ndipemphe," anatero Filipo. "Zinachitika zija ndazisiya m'manja mwa Mulungu. Sindifuna mlandu ndi munthu. Ndiloleni ndibwerere, ngakhale m'kanyumba kakale kaja. Maso ndilibe, koma manja alipo."

"Alamu, mawu anu ndi abwino," anayankha Kingstone. "Ine ndilibe nanu chifukwa. Koma anthu. Mlongo wangayu akapita ndi zitumbuwa kumsika, amabwera nazo zonse. Mwanayu kusukulu akumutcha Kanamapopa. Mukabwerera, si ndiye atiotchera m'nyumba? Ine udindo wanga ndi mbumba."

Ndinamukumbutsa kuti chimene Mulungu anachimanga munthu sachimasula, ndi kuti nyumba imene tinakhala pakhonde pakeyo inamangidwa ndi diso la munthu ameneyu.

"A Mlaliki, njerwa ndi zawo, sindikana. Dothi ndi lathu. Ngati akufuna, azule njerwazo apite nazo."

A kumpanda anaseka. Filipo anatembenukira kumene anamva kupuma kwa mkazi wake. "Amake Mwayi, nanga inu mukuti bwanji?"

Janeti ankakumba pansi ndi kamtengo. Munda umene ankadyapo, dimba, ngakhale manda a amayi ake, zonse zinali pansi pa mawu a mchimwene wake.

"Bambo a Mwayi, ine ndilibe mawu," anatero potsiriza. "Mawu ali ndi achimwene."

Filipo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, naimirira. Anali akunjenjemera ndi mphepo. Kingstone anamugwira paphewa.

"Iyayi, alamu, musapite chonchi, kukuzizira. Anthu angati tilibe umunthu. Dikirani."

Analowa m'nyumba, natuluka ndi jumbo. M'menemo munali jekete lija la mtundu wa lalanje. Analigwira chakunja ndi nsonga za zala, nalitambasula, namuveka yekha mlamu wake, mkono uwu kenaka uwo, nakoka zipi mpaka m'khosi. Ndinaona amuna a kumpanda akugwirana mapewa, milomo ataitseka ndi manja. Ndipo nditayang'ana pa kolala, ndinaona ubweya wofiirira ukunyezimira. Chitedze chinali chitayamba kuuma kumene kuthengo mwezi umenewo. Ichi chinali chatsopano.

Khosi la Filipo linayamba kutupa ndikuona. Ndinatambasula dzanja kuti ndimuvule, koma iye anandigwira pamkono mwamphamvu, nandinong'oneza.

"A Mlaliki, Mwayi alipo?"

"Ali pakhomo."

"Akuyang'ana?"

"Akuyang'ana."

"Ndiye tiyende pang'onopang'ono."

Anatembenukira kukhomo, nati ndi mawu osanjenjemera: "Mwayi, mwana wanga, uzilimbikira sukulu. Uziwamvera amayi ako." Mwanayo sanathawe. Filipo anathokoza mlamu wake chifukwa cha jekete, natsika pakhonde. Anayenda wowongoka, manja ali m'mbali, kudutsa bwalo lonse, kudutsa mtengo wa mapeyala uja, kudutsa amuna a kumpanda amene ankadikira gule wawo. Kuseka kwawo kunayamba kuchepa, kenaka kunatha. Ndinkamva mpweya wake ukutuluka m'mano ngati wa munthu wosenza mwala. Nthawi yapitayo mwana wake anamuona akugubuduzika m'fumbi; sanalole kuti chimenecho chikhale chithunzi chomaliza.

Titapitirira nthochi za kumalire a mudzi, anafunsa ngati nyumba ikuonekabe. Nditati iyayi, anagwada pansi. Ndinang'amba zipi ndi kumuvula. Thupi lonse linali ngati lakwapulidwa ndi zikoti. Pafupi panali uvuni wa njerwa wozizira, ndipo ndinatapa phulusa lake ndi kumupaka, iye akulira mopanda mawu, zibakera atazifumbata kuti zala zisamupereke.

Sanabwererenso kumudzi kuja. Patapita nthawi Janeti anakwatiwa ndi mnzake wa Kingstone, mmodzi mwa a kumpanda aja, ndipo ukwati umenewo sunadutse ku tchalitchi. Kingstone akadali m'nyumba ya malata. Amabwera ku mapemphero pa Khirisimasi ndi pa maliro, ndipo amaimba besi yabwino.

Ndikapita ku Nkando ndimakhala pa thumba pambali pa Filipo. Amandizindikira ndi mayendedwe. Funso lake loyamba silisintha: mwana watalika bwanji tsopano? Ndimamuonetsa pogwira paphewa langa, kenaka pakhutu, ndipo amaseka. Za cholengedwa chija sasimbanso kwa anthu. Koma tsiku lina, kulibe makasitomala, ndinamufunsa ngati amadana nacho, popeza ndicho chinayamba kumudya diso, ndipo chithunzi chake ndicho chinamudyera banja.

"Iyayi, a Mlaliki," anatero, zala zikumanga mfundo. "Chija n'chokongola. Mukanachiona m'madzi dzuwa likuwala, mukanavula chipewa. Chimaluma aliyense wochigunda, sichisankha, chifukwa chilibe ubongo, chilibe mtima. Alamu anga ali nazo zonse ziwiri."

Ichi ndikuchidziwa, ndipo sindikayika: Iye amene anawerenga tsitsi la m'mutu mwathu anawerenganso ubweya uliwonse umene unali m'jekete lija, ndipo palibe umodzi umene udzasowe pa tsiku lofunsa.